Funsani Mmisiri: Zitseko za galasi za pa shawa, ndiode kwa ndani?

FUNSO: Zikomo akulu. Ndili ndi shopu ya zomangira ku Area 2 mu Lilongwe, ndimagulitsa matailosi, masinki, mipope ndi zina za m'bafa. Chaka chino anthu ambiri amene akumanga nyumba, komanso eni maloji a ku Salima, akumandifunsa zitseko za galasi za pa shawa, ine n'kumangowabweza. Ndaganiza zooda zokwana 80 nthawi imodzi. Ndalankhula pa WhatsApp ndi makampani atatu a ku China. Onse akuti ali ndi fakitale yawoyawo, onse anditumizira zithunzi zokongola ndi masatifiketi. Mitengo ndiye yasiyana kwambiri, wotchipa akufuna pafupifupi theka la wodula. Mmodzi akuti atha kumandidulira saizi iliyonse imene kasitomala angafune. Ndisankhe bwanji? Ndalama yake ndi ya ngongole, sindikufuna kudzalira.
Mayi wa shopu, Lilongwe

YANKHO: Mayi, musanasankhe aliyense mwa atatuwo, gulani galasi limodzi kwa aliyense, lifike pa shopu panu, kenako muliphwanye. Sindikuseka ayi.

Galasi la pa shawa liyenera kukhala lootcha, lija amalitcha tempered kapena toughened. Akatha kulidula ndi kuliboola, amalilowetsa mu ng'anjo yotentha kupitirira madigiri 600, n'kuliziziritsa mwadzidzidzi ndi mphepo yamphamvu. Likatuluka limakhala lolimba kanayi kapena kasanu kuposa la pawindo, ndipo tsiku limene lidzasweke limayoyoka tizidutswa tonga chimanga, osati zibenthu zosongoka zija zimang'amba mwendo. Munthu ali m'bafa amakhala wopanda chovala, pansi pali sopo. N'chifukwa chake nkhaniyi sitiyambira pa mtengo.

Vuto lake n'lakuti galasi lootchedwa bwino ndi lootchedwa mwachinyengo pa chithunzi zimaoneka chimodzimodzi. Ngakhale m'manja zimafanana. Mukavala magalasi a dzuwa aja a polarized n'kuliyang'ana panja, mumaona timawanga kapena timizere, umboni woti linalowako mu ng'anjo, koma siziuza ngati linapsa mokwanira. Chouza ndi kuphwanya basi. Musavutike kutumizitsa chitseko chonse pa ndege. Pemphani chidutswa cha 360 mm kwa 1100 mm, ndiyo saizi imene amayesera ku Ulaya pa muyezo wa EN 12150, pamodzi ndi zitsulo zonse za chitseko chimodzi. Chikafika, chigonekeni pa thabwa, matani selotepi m'mbali monse kuti tizidutswa tisabalalike, valani zoteteza maso, ndipo muchibaye ndi kachitsulo kosongoka pafupi ndi m'mphepete, pakati pa mbali yaitali. Mudzamva phuu! Ndiye funani malo amene tizidutswa take n'tokulirapo, jambulani bokosi la 5 cm kwa 5 cm, muwerenge msanga pasanathe mphindi zisanu, chifukwa ming'alu imapitirirabe yokha. Pa galasi la 4 mm mpaka 12 mm payenera kupezeka tizidutswa tosachepera 40. Mukapeza 20, kapena mukaona zazitali ngati mpeni, kampaniyo ifufuteni mu foni.

Musanaphwanye, yang'anani pa kona. Payenera kukhala chidindo chootcherana ndi galasilo, chosachoka ndi chikhadabo, osati kapepala komata. Galasi la ku China kawirikawiri limakhala ndi chizindikiro cha boma cha CCC ndi nambala ya fakitale imene inaliotcha, la ku South Africa limatchula muyezo wawo wa SANS 1263. Nambalayo muifanizire ndi ya pa satifiketi imene anakutumizirani. Opanga zitseko ambiri sakhala ndi ng'anjo yawo, amagula galasi kwa anzawo, ndipo palibe cholakwika pamenepo malinga anene zoona. Cholakwika ndi kukutumizirani satifiketi ya kampani ina, ya galasi la makulidwe ena, imene inatha ntchito zaka zitatu zapitazo. Zotere ndaziona kangapo, moti masiku ano satifiketi ndimayamba kuiwerenga pa deti.

Za "fakitale yathuyathu" zija musazitengere pamtima, aliyense amatero. Zitseko za shawa zambiri zimachokera m'chigawo cha Guangdong, makamaka ku Foshan ndi ku Zhongshan. Ngati adiresi ya munthu wanu ili pa nsanjika ya nambala 23 m'nyumba ya maofesi pakati pa tawuni, ameneyo ndi dobadoba. Pemphani chithunzi cha laisensi ya bizinesi. Imakhala ndi nambala ya zilembo 18, ndipo imalemba ngati kampaniyo imapanga katundu kapena imangogulitsa. Aliyense wodziwa Chitchaina akuwerengerani, ngakhale foni yanu itha kumasulira. Dzina la pa laisensi, la pa invoisi ndi la pa akaunti ya ku banki likhale limodzi. Akakuuzani kuti mutumize ku akaunti ya mlamu wa bwana chifukwa ya kampani ili ndi vuto sabata ino, musatumize. Kenako imbani foni ya vidiyo osawachenjeza, cha m'ma 8 koloko m'mawa kuno, kumeneko ikakhala 2 koloko masana, muwauze kuti akuyendetseni kuchokera pa geti mpaka pamene akulongedza. Wa fakitale amadzuka pampando n'kuyamba kuyenda. Dobadoba amati netiweki yavuta, tiyese mawa.

Koma ndinene pano kuti dobadoba si mfiti. Zitseko 80 kwa fakitale yaikulu ndi kaoda kakang'ono, adzakuikani kumapeto kwa mzere, ndipo mukadandaula sadzakumvani. Dobadoba wokhulupirika, amene wavomera kuti ndi dobadoba n'kukuuzani fakitale imene akutengako, nthawi zina amakusamalani bwino kuposa eni ng'anjo. Amene ndimamuopa ine ndi wonama pa funso loyamba.

Tsopano tifike pamene panandiluma ine. Mu 2016 ndinaoda zitseko zotsetsereka 60. Galasi ndinaliyesa, linali labwino, ndinasangalala n'kulipira. Zitsulo sindinaziyang'ane n'komwe, zinkanyezimira ngati supuni yatsopano. Khumi ndi ziwiri ndinakaika pa loji ina ya kunyanja. Dzinja limodzi lokha, mwini loji anandiimbira kuti bwerani mudzaone ntchito yanu. Ndinapeza zogwirira zatuluka matuza ngati khungu lopsa ndi phala, masikuluu alira misozi ya dzimbiri pa matailosi oyera, ndipo timawilo tina tagawanika pakati moti chitseko china chinkangolendewera pa kawilo kamodzi. Mlendo wina anakhala m'shawa mphindi makumi awiri akugogoda, atavala thawulo. Nditalembera amene anandigulitsa, anandiyankha kuti mtundu umenewo anasiya kupanga, timawilo take kulibe. Ndinazungulira Limbe yense ndi kawilo kothyoka m'thumba la malaya, osapeza kofanana. Zitseko 48 zotsalazo ndinazigulitsa motaya, zina anthu anakapangira mashelefu.

Ndiye theka la mtengo lija mukulifunsa, nthawi zambiri limabisala mu zitsulo. Tengani tupa, mupale hinji kapena chogwirira kumbuyo kosaoneka. Pansi pa kunyezimirako mukapeza chachikasu, ndi brass, chimakhalitsa. Mukapeza chotuwa ngati phulusa, chopepuka m'manja, ndi zinc, ndipo m'malo a chinyezi sichichedwa kutupa ndi kuthyoka. Akalemba kuti stainless steel, funsani nambala yake. Ya 304 ili ndi nickel wochuluka, pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse, ndipo ndi imene imapirira madzi. Ya 201 anachepetsa nickel n'kuonjezera manganese kuti itchipe, ndipo imachita dzimbiri. Anyamata a pa shopu adzakuuzani kuti muyese ndi maginito. Maginito sasiyanitsa ziwirizi, zonse sizigwira kwenikweni. Pali timankhwala todonthezera timene timasintha mtundu pa 201, n'totchipa, uzani amene akukutumizirani sampulo aikemo kabotolo. Njira ya kumudzi ndi iyi: sungunulani mchere m'kabeseni, ikanimo zitsulo za makampani atatuwo, muzizivuula ndi kuzibwezeramo tsiku ndi tsiku kwa milungu iwiri. Ku fakitale ali ndi makina ake opopera nkhungu ya mchere pa muyezo wa ISO 9227, mutha kupempha lipoti lake, koma beseni lanu silinganamizidwe. Kumbukirani kuti makasitomala anu ambiri amasamba madzi a pa mjigo, ena mwa iwo amchere, osati a Water Board.

Aluminiyamu wa felemu mumuyeze ndi vernier, kachida koyezera makulidwe. Wa 1 mm kapena kucheperapo amapindika mukangomanga sikuluu, ine sinditsika pa 1.2 mm. Galasi nalonso muliyeze, kapena mungoliika pa sikelo: sikweya mita imodzi imalemera makilogalamu 2.5 pa milimita iliyonse, ndiye la 6 mm ndi makilogalamu 15, la 8 mm ndi 20, la 10 mm ndi 25. Wokugulitsani la 5 mm m'dzina la 6 mm, sikelo imamugwira. Kuwerengera komweku kukuthandizani pa mahinji. Chitseko cha 10 mm chotalika 1.9 m, mulifupi 70 cm, chimapitirira makilogalamu 33, ndipo zonsezo zimalendewera pa mahinji awiri, kutsekulidwa m'mawa ndi madzulo zaka ndi zaka. Funsani kuti hinji yawo inapangidwira kulemera kotani. Wodziwa ntchito amayankha ndi nambala, wosadziwa amati "very strong, my friend".

Uja wakulonjezani saizi iliyonse, mawu ake ndi okoma koma kwa inu ndi msampha. Galasi likaotchedwa silidulikanso, siliboolekanso, ngakhale kulipala pang'ono. Tsono makoma athu mukuwadziwa. Ndakhala ndikuika levulo pa mabafa a nyumba zodula kwabasi, n'kupeza pansi 900 mm, pamwamba 885 mm, pakati mimba. Kasitomala adzabwera ndi miyezo ya pa pulani, kapena yoyeza pa njerwa pulasitala asanapake, inu n'kutumiza ku Foshan, n'kudikira miyezi itatu, chitseko n'kufika chokula ndi chala chimodzi. Kumeneko ndiye kugula mbereko mwana asanabadwe, ndipo mbereko yake ya galasi. Chitseko chodulira munthu payekha chimayezedwa matailosi atamatidwa kale, malo atatu, pansi, pakati ndi pamwamba, ndipo woyeza akhale yemweyo wodzaika. Zoterozo muziitanitsa kufupi, ku Johannesburg kapena ku Durban, kumene kulakwitsa kumakudyerani milungu osati theka la chaka. Mufunsenso clearing agent wanu za satifiketi ya SADC yosonyeza kumene katundu wapangidwira, chifukwa imakhudza msonkho.

Mu kontena muike masaizi oyenda, m'mamilimita: cha pakona cha 900 kwa 900, chotsetsereka cha 1200, ndi galasi loima palokha la 900 kapena 1000 limene eni maloji akulikonda masiku ano chifukwa lilibe kawilo koti kathyoke. Zonse zikhale ndi aluminiyamu wa kukhoma wotha kusuntha pafupifupi 2 cm kuti ameze kupindika kwa khoma, ndipo zikhale zotheka kuika kumanja kapena kumanzere. Mukatero mmisiri wa matailosi ndi amene azimanga motsatira chitseko, mumupatse miyezo asanayambe.

Pamenepa mpamene mungayezerenso nzeru za atatu aja. Atumizireni onse miyezo ya bafa lopindika dala, muone. Wabwino adzabweza mafunso: chitseko chitsegukire kuti, khoma ndi la njerwa kapena la bolodi, shawa ili mbali iti, pansi pali kakhoma kotchinga madzi kapena ayi. Adzatumiza chojambula cha miyezo kuti musayine asanadule. Amene angoyankha kuti "no problem" pa chilichonse, ameneyo mavuto onse wakusungirani inu.

Pa mgwirizano mulembetse zosinthira, musapemphe ngati chifundo. Pa zitseko 80 ine ndingafune timawilo ta zitseko 20, malabala a m'mbali ndi a pansi ochuluka ndithu chifukwa amauma ndi kuchita chikasu pakapita zaka zochepa, zogwirira khumi, ndi magalasi apadera awiri kapena atatu pa saizi iliyonse. Muwafunsenso ngati timawilo tawo ndi ta saizi yopezeka kwa ena, kapena ndi ta iwo okha. Funso limeneli likanandipulumutsa mu 2016.

Kalongedzedwe musakapeputse. Galasi limayenda choimirira, siligona. Makona ake avekedwe zotetezera, pakati pa magalasi pakhale chopyapyala choletsa kukhudzana, katoni ikhale yolimba, ndipo zonse zilowe m'mabokosi a plywood omangidwa ndi malamba. Akagwiritsa matabwa wamba ayenera kukhala ndi chidindo cha ISPM 15 chosonyeza kuti anaphedwa tizilombo, plywood safuna zimenezo. Auzeni poyera kuti ulendo suthera pa doko. Kuchoka pa Beira katundu adutsa Tete kudzalowera pa Dedza kapena pa Mwanza, kuchoka pa Dar es Salaam adzalowera pa Songwe n'kukwera Chiweta, ndipo msewu uliwonse mwa imeneyi uli ndi maenje ake. Zitseko 80 za pakona za 6 mm zimalemera matani anayi ndi kanthu, sizidzaza kontena ya mafiti 20. M'malo mophatikizana ndi anthu ena, kumene bokosi lanu limatsitsidwa ndi kukwezedwa kangapo mwina n'kusanjikizidwa ndi injini ya galimoto, dzazitsani ndi matailosi anu omwe. Foshan ndi kwawo kwa matailosi, ndipo inu mumagulitsa kale.

Akakupatsani mtengo wa CIF Beira, wophatikiza katundu, inshuwalansi ndi sitima mpaka pa doko la Beira, musaganize kuti mwatetezeka. Inshuwalansi imene wogulitsa amakakamizidwa kugula pa CIF ndi yotsikitsitsa, ya Clause C, yoteteza zinthu ngati moto kapena kumira kwa sitima, osati galasi losweka chifukwa folokolifiti yagunda bokosi. Gulani yanu ya Clause A, yotchula kusweka kwa galasi, yofika mpaka pa khomo la shopu yanu. Potsegula kontena jambulani vidiyo kuyambira pa loko.

Kalipiridwe kozolowereka ndi 30 peresenti poyamba, 70 katundu akatha kupangidwa. Gawo lachiwirilo musalitulutse munthu wanu asanaone katundu. Makampani ngati SGS, Intertek ndi Bureau Veritas amatumiza woyendera pa mtengo wa tsiku limodzi, ndipo ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi ngongole yanu. Mumuuze asankhe yekha bokosi, atulutse chitseko, achimange chonse, ayeze zitsulo, kenako aphwanye galasi limodzi n'kuwerenga monga munachitira inu. Sampulo imakhala ya mkwatibwi, ya pa tsiku la ukwati. Mukufuna kuona wa Lolemba m'mawa.

Ziwiri zomaliza. Chaka chatsopano cha ku China chimagwa kumapeto kwa January kapena mu February, mafakitale amatseka milungu ingapo, ndipo katundu wopangidwa mothamangira tchuthicho ndi amene amabwera ndi masikuluu osakwana. Chachiwiri ndi ndalama zakunja. Mukukumbukira November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, anthu atalipira kale dipoziti. Musasayine musanakambirane ndi banki yanu za madola a gawo lachiwiri, ndipo za MRA ndi Malawi Bureau of Standards mufunsiretu katundu asanakwere sitima. Mwa atatu anuwo, mtima wanga uli pa wa mtengo wapakati, koma beseni la mchere ndi limene linene.

FUNSO: Bambo, pa loji yathu chitseko cha shawa chinaphulika chokha usiku, m'chipinda mulibe munthu. Antchito akuti ndi zamatsenga, ena akukana kulowamo. Chinachitika n'chiyani?
Woyang'anira loji, Mangochi

YANKHO: Achimwene, auzeni antchito alowe akasese, mulibe mfiti. Galasi lootcha limakhala lokokana lokha m'kati ngati uta wokoka, ndiye kachilema kakang'ono kakafika pakati, lonse limamasuka nthawi imodzi. Zoyambitsa zimakhala zitatu. Kawirikawiri ndi m'mphepete mobenthuka poika, mng'alu n'kumakula pang'onopang'ono kwa miyezi. Kachiwiri ndi hinji kapena sikuluu yokhudza galasi popanda kalabala pakati, kapena yomangidwa mopitirira. Kachitatu, kosachitikachitika, ndi kanjere ka nickel sulphide kotsalira m'galasi popanga, kosaoneka ndi maso, kamene kamafufuma pakapita nthawi. Ngati zidutswa zina zinatsalira pa felemu, funani pamene ming'alu yonse ikuchokera. Pakakhala pa hinji kapena m'mphepete, mlandu ndi wa oika. Pakakhala pakati pa galasi, pali tizidutswa tiwiri tokulirapo togundana ngati mapiko a gulugufe, ndi kanjere kaja.

Pooda zina, funsani galasi lodutsa mu heat soak. Amalibwezera mu uvuni kwa maola angapo kuti lokhala ndi kanjere liphulikire konko ku fakitale. Limadulirapo, ndipo silichotseratu vutoli, koma limalichepetsa kwambiri. Pakali pano yendani m'zipinda zonse ndi mmisiri, amasule hinji iliyonse aone ngati malabala alimo.

FUNSO: Madala, ndagula chitseko cha tempered koma chakula ndi 1 cm. Mnzanga akuti ndichipale ndi girayinda pothira madzi pang'onopang'ono. Zitheka?
Mmisiri wachinyamata, Mzuzu

YANKHO: Mphwanga, mnzakoyo umuuze ayambe wapala chake. Mwina mamilimita awiri oyamba chidzakulekerera, kenako udzatsala ndi chogwirira m'manja ndi chimanga cha galasi m'nsapato. Chikapanda kusweka lero, chidzaswekera mwini nyumba mwezi wamawa chifukwa wachifooketsa m'mphepete. Sentimita imodziyo uifune ku khoma: ona ngati aluminiyamu wa kukhoma angalowe m'kati pang'ono, kapena dula mzere mu tailosi ndi pulasitala kuti felemu imire, utseke ndi silikoni. Zikakanika, bweza chitsekocho ukadali ndi lisiti, katoni usanaitaye.